Marauta anga akupatsana moni koma sakugawana njira

FUNSO: Zikomo akonzi. Ndikuphunzira ntchito ya manetiweki, ndipo sabata yatha tinachotsa rauta yakale n'kuikapo yatsopano. Marauta onse awiri ndi a Cisco, pakati pawo pali swichi imodzi, ndipo timagwiritsa ntchito OSPF, ndondomeko imene marauta amauzirana njira okha. Ping, kapaketi koyesera ngati mbali inayo ikuyankha, ikudutsa bwinobwino, koma njira za mbali inayo sizikubwera. Ndikalemba show ip ospf neighbor ndimaona inzakeyo ili pa EXSTART, pakapita kanthawi imagwa n'kuyambiranso. Mzere wa network wa m'config (malamulo olembedwa mu rauta) ndaufufuta n'kuulembanso katatu, rauta ndaizimitsa kawiri. Ndasowa pogwira. Kodi ndingoisiya OSPF n'kulemba ma static route, njira zolemba pamanja?

Wowerenga wanu wa mwezi ndi mwezi

YANKHO: Achimwene, musaisiye. Mwafika kale patali kuposa mmene mukuganizira, ndipo mawu akuti EXSTART amene akukuimitsani mutuwo ndi omwe akukulozerani pomwe pali vuto.

Marauta awiri a OSPF asanakhulupirirane amakwera masitepe: Down, Init, 2-Way, ExStart, Exchange, Loading, kenako Full. Masitepe oyambawo ndi a moni chabe. Pa Ethernet rauta iliyonse imatumiza paketi ya Hello ku adiresi ya 224.0.0.5 pa masekondi 10 aliwonse, ndipo ikapanda kumva inzake kwa masekondi 40 imati yafa. Kuti moniwo ulandiridwe pamafunika kuti nambala ya area (chigawo cha netiweki ya OSPF), subnet mask (nambala yosonyeza kukula kwa gulu la maadiresi), nthawi ziwirizi ndi mawu achinsinsi zifanane mbali zonse. Chimodzi chokha chikanasiyana, dzina la inzakeyo simukanaliona n'komwe pa mndandanda. Inu mukuliona, lafika mpaka pa ExStart. Ndiye mzere wa network uja ulekeni, ulibe mlandu.

Pa ExStart marauta amasankhana wotsogolera zokambirana, n'kuyamba kutumizirana mapaketi otchedwa DBD, omwe ndi mndandanda wa zimene iliyonse ikudziwa. M'kati mwa paketi imeneyi muli kamalo komwe rauta imalembapo MTU yake, kutanthauza kukula kwa paketi yaikulu kwambiri imene ingadutse pa doko lake osaduliduka. Lamulo la OSPF, lolembedwa mu RFC 2328 m'chaka cha 1998, limati rauta ikalandira DBD yonena MTU yoposa imene iyo ingathe, iikane. Imaikanadi, mwakachetechete. Inzakeyo imatumizabe, imatumizabe, mpaka kutopa, ndiye mu log mumatuluka mawu akuti "Too many retransmissions", ubalewo n'kugwa. Kugwa ndi kuyambiranso kumene mukuonako n'kumeneku.

Ping yakunamizani chifukwa ndi yaing'ono. Pa Cisco imatumiza mabaiti 100 okha mukapanda kuiuza zina, ndipo kapaketi kotere kamadutsa paliponse.

Chitani izi. Pa rauta iliyonse lembani show ip interface ndi dzina la doko loyang'ana kwa inzake, muwerenge mzere wa MTU. Musakhutire ndi show interface yokha, chifukwa munthu atha kukhala kuti analemba ip mtu payokha, ndipo nambala imene OSPF imayang'ana ndi ya IP. Ya masiku onse pa Ethernet ndi 1500. Ndikukayikira kuti rauta yakale ija inali ndi nambala ina, mwina 9000 ya mapaketi akuluakulu, yofanana ndi ya tsidya linalo, ndipo yatsopanoyi yabwera ndi 1500 yake yakufakitale. Ngati muli ndi config ya rauta yakale, itseguleni pambali muifanizire mzere ndi mzere. Mukafuna kumva kuchokera pakamwa pa rautayo, yatsani debug ip ospf adj kwa mphindi imodzi. Imene ili ndi MTU yaing'ono idzadandaula kuti inzake "has larger interface MTU". Mukaona zimenezo lembani undebug all msanga, debug siisiyidwa ikuyenda pa rauta imene anthu akuidalira.

Pano ndiye pamene ndikufuna mundimvetsetse. Wina adzakuuzani kuti mungolemba ip ospf mtu-ignore pa doko kuti rauta isayang'anenso MTU, nkhani yatha. Zoonadi, mukatero mudzaona FULL m'masekondi ochepa, mtima n'kukhala pansi. Ine ndinachitapo zimenezi pamalo ena pomwe ndinkagwira ntchito, usiku, tulo tili m'maso. Netiweki inali yaing'ono, mapaketi a OSPF anali aang'ono, zonse zinkayenda. Patapita miyezi tinawonjezera nthambi, njira zinachuluka, rauta ya MTU yaikulu inayamba kulongedza nkhani zake m'mapaketi oposa 1500, ndipo inzake inkangowataya. Ubale unkagwa masana anthu ali pantchito, ine n'kumafufuza mawaya, poti lamulo lija ndinali nditaliiwala kalekale. Zinanditengera masiku awiri kuti ndilipeze m'config, ndipo ndinachita manyazi pozindikira kuti ndinalilemba ndi dzanja langa. Lamulo limeneli limangotseka pakamwa rauta imene ikunena zoona. Kusiyana kwa MTU kumatsala pomwepo, ndipo kumapwetekanso mapaketi a anthu ogwiritsa ntchito netiwekiyo. Fananitsani manambala awiriwo basi.

Swichi yapakati ija musaiiwale. Marauta onse atha kunena 9000 koma swichi ikulola 1500 yokha, ndiye moni amadutsa, DBD zoyamba zimadutsa, zazikulu n'kumafera panjira. Iyeseni ndi ping yolemera: pambuyo pa adiresi onjezani size 1500 df-bit (df-bit imaletsa kuduladula paketi), kenako mukweze nambalayo mpaka pa MTU imene mwaika. Pomwe madontho ayambire m'malo mwa zizindikiro zofuula, malire enieni a njirayo ndi amenewo.

Mukapeza kuti MTU ikufanana ndipo ping yolemera ikudutsa, zatsala ziwiri zoti muone. Pa Ethernet moni amapita pa multicast, adiresi ya gulu ija, koma DBD zimapita pa adiresi yeniyeni ya inzake, choncho access list (mndandanda wa mapaketi ololedwa ndi oletsedwa) yolola 224.0.0.5 koma yotsekereza protocol 89, yomwe ndi OSPF, pa adiresiyo imabweretsa chizindikiro chomwechi. China ndi router ID, nambala yodziwira rauta iliyonse mu OSPF: ngati munakopera config kuchokera ku rauta ina, onani ndi show ip ospf kuti manambalawo sakufanana.

Ma static route angakupulumutseni lero, koma pa Cisco ali ndi administrative distance (nambala yosankhira njira, yaing'ono ndiyo imapambana) ya 1 pomwe OSPF ili ndi 110, kutanthauza kuti tsiku limene OSPF idzadzuke, iwo ndiwo azidzamvedwabe. Ngati mwawalemba kale kuti ntchito isaime, lembani papepala kuti ndi angati, mudzawachotse onse mukangoona FULL. Mundilemberenso mundiuze manambala awiri a MTU amene mwawapeza.