Funsani Dokotala: Mutu sukusiya kupweteka chiyambireni mankhwala a BP

Funso: Adokotala, mayi anga ali ndi zaka 68 ndipo timakhala ku Chipoka m'boma la Salima. Miyezi inayi yapitayo anawapeza ndi vuto la kuthamanga kwa magazi ndipo anawapatsa amlodipine. Chiyambireni mankhwalawa, mutu umawapweteka pafupifupi tsiku lililonse, nkhope imatentha ndipo mapazi amatupa madzulo. Timawagulira panado ndi bufeni kugolosale koma sizikusintha. Achibale ena akuti angosiya mankhwalawo chifukwa sakuwayanja. Kodi titani?

Yankho: Zimene mwafotokozazi zikugwirizana ndi mmene amlodipine amagwirira ntchito m'thupi. Mankhwalawa, monganso nifedipine, amatsitsa BP pofutukula mitsempha kuti magazi aziyenda mosapanikizika. Mitsempha ya m'mutu ndi ya kunkhope nayo imafutukuka, ndipo n'chifukwa chake mutu umagunda, nkhope imatentha, ndipo pofika madzulo nsapato zimene zimakwana m'mawa zimayamba kuthina. Kwa anthu ambiri mutu umaleka pakatha masabata ochepa thupi likazolowera, koma popeza mayi anu afika miyezi inayi, kudikira kwakwana ndipo ayenera kubwerera kuchipatala ngakhale tsiku lawo lisanafike.

Malangizo a achibalewo musawatsate, ngakhale kuti akunena chifukwa cha chifundo. BP yokwera nthawi zambiri siimveka m'thupi, moti munthu akasiya mankhwala mutu n'kupola, amaganiza kuti wachira pamene magazi akuwononga mtima, impso ndi ubongo mwakachetechete, mpaka tsiku lina adzagwe ndi sitiroko n'kufa ziwalo mbali imodzi. Mankhwala a BP alipo amitundu ingapo, ndipo dokotala angathe kuchepetsa mlingo, mwachitsanzo kuchoka pa 10 mg kufika pa 5 mg, kapena kuwasinthira mtundu wina.

Chimene chandidetsa nkhawa kwambiri m'kalata yanu ndi mapiritsi a kugolosalewo. Bufeni, diclofenac ndi indosidi amakweza BP ndi kufooketsa mphamvu ya mankhwala ena oitsitsa, komanso kwa munthu wachikulire amapweteka impso ndi kuyambitsa zilonda za m'mimba zimene zingathe kutulutsa magazi. Indosidi, amene ambiri amamudalira pa ululu wa mawondo ndi msana, amadziwikanso kuti iye mwini amapweteketsa mutu. Panado ndi wabwinopo, komabe naye ali ndi malire. Munthu amene amadwaladwala mutu akamamwa mankhwala opha ululu masiku 15 kapena kuposerapo pamwezi kwa miyezi yoposa itatu, mankhwalawo amasanduka gwero la mutuwo: mphamvu yake ikatha mutu umabwerera, munthu amamwanso, ndipo zimangozungulira choncho. Kwa mapiritsi osakanizidwa ndi caffeine kapena codeine, masiku 10 okha pamwezi ndi okwanira kuyambitsa vutoli. Ndikuganiza kuti mayi anu akhoza kukhala ndi mavuto onse awiri pamodzi, mutu wobwera ndi amlodipine komanso wobwera ndi mankhwala opha ululu, choncho bufeniyo amuleke lero lomwe, ndipo panado asakhale wa tsiku ndi tsiku.

Onaninso m'kabuku kawo ka kuchipatala ngati sakumwanso hydrochlorothiazide, amene ambiri amangowatchula kuti mankhwala okodzetsa. Kuno kunyanja kukatentha mu Okutobala ndi Novembala, wachikulire amene akumwa mankhwalawa amataya madzi ndi mchere wambiri m'thupi, ndipo izi zimabweretsa mutu, chizungulire podzuka, kufooka, nthawi zina ngakhale kusokonezeka maganizo. Popita kuchipatala, ikani m'kajumbo chilichonse chimene mayi amamwa, cha kuchipatala, cha kugolosale ndi cha zitsamba chomwe, kuti dokotala aone ndi maso ake, chifukwa odwala ambiri saona panado kapena tiyi wa zitsamba ngati mankhwala oyenera kutchula.

Pali zizindikiro zina zimene sizifuna kudikira kuti kuche. Mutu ukayamba mwadzidzidzi ndi ululu umene sanaumvepo, pakamwa pakapindika, dzanja kapena mwendo ukafooka, mawu akamatuluka mosamveka, maso akachita chidima, khosi likauma thupi lili lotentha, kapena mutu ukayamba pambuyo poti agwa n'kudzimenya, makamaka ngati amamwa mankhwala oletsa magazi kuundana monga asipilini kapena warfarin, thamangirani nawo kuchipatala nthawi yomweyo. Thupi likatentha akayezedwenso malungo, pakuti kwathu kuno udzudzu susowa.

Funso: Agogo anga aamuna ku Dwangwa, m'boma la Nkhotakota, amamwa glibenclamide chifukwa cha matenda a shuga. Akalawirira kumunda asanadye kanthu, cha m'ma 10 koloko mutu umawawawa, amanjenjemera ndi kutuluka thukuta. Kodi ndi ukalamba chabe?

Yankho: Si ukalamba, koma n'kutheka kwambiri kuti shuga wawo amatsika mopitirira muyeso. Glibenclamide amakhalitsa m'thupi, makamaka mwa achikulire amene impso zawo zayamba kufooka, ndipo amatsitsabe shuga kaya munthu wadya kapena ayi. Zikawachitikira, amwe msanga madzi osungunuliramo masupuni atatu aang'ono a shuga, kenako adye chakudya monga phala kapena mbatata. Ngati akomoka musawathire kanthu m'kamwa, koma athamangitseni kuchipatala. Asamapite kumunda ndi njala atamwa mankhwala, azinyamula maswiti kapena shuga pang'ono m'thumba, ndipo sabata yomwe ino akaonane ndi dokotala kuti awayeze shuga ndi impso ndi kuona ngati mlingo uyenera kuchepetsedwa kapena mankhwalawo asinthidwe.