Kubwereketsa bogi ya sitima: yankho kwa achimwene a ku Sharpevale

Achimwene ena a ku Sharpevale anditumizira imelo. Akuti gulu lawo likufuna kusonkherana ndalama, ligule bogi imodzi ya katundu n'kumaibwereketsa kwa oyendetsa sitima, monga amachitira ku Britain. Kodi phindu lilipo?

Achimwene, mwandigunda pachilonda. Ine ndinakulira pa Golomoti, pomwe pamadutsa njanji yochokera ku Balaka, yomwe inafika ku Salima mu 1935. Tili ana tinkagunditsa khutu panjanji kuti timve ngati sitima ikubwera. Ndiye maloto anuwo sindikuwanyoza ayi.

Koma ndinayamba ndabwereketsapo lole. Ndinaigula pangongole, n'kuipereka kwa bambo wina woti azinyamulira kachewere ndi kabichi kuchokera pa Lizulu kupita ku Limbe. Tinangogwirizana pakamwa, poti tinkapemphera mpingo umodzi. Miyezi itatu ndalama inkabwera bwinobwino. Mwezi wachinayi injini inafa. Bamboyo anangobwera ndi makiyi, amvekere, "Galimoto ndi yanu, konzani." Inakhala pansi pa mtengo wa mango dzinja lonse, matayala ataphwa, nkhuku zikuikira mazira pampando wa dalaivala, kwinaku a ngongole akuimba foni mwezi ndi mwezi. Mayi a kunyumba anagulitsa mbuzi zawo zonse. Mpaka lero ndikaganiza mtima umandiwawa.

Za ku Britain mwamvazo n'zoona. Mu 1994, boma likugawa British Rail, kampani yake ya sitima, mitu ya sitima ndi mabogi a anthu zinapita kumakampani atatu oti azizibwereketsa kwa oyendetsa sitima: Angel Trains, Porterbrook ndi Eversholt. Sitima imatha zaka 30 ikugwira ntchito, pomwe mgwirizano wa woiyendetsa ndi boma unkatha msanga, ndiye kubwereka kunkamuchitira bwino kusiyana n'kugula. Chachikulu n'chakuti obwereka kumeneko ndi ambiri. Uyu akabweza, wina amatenga.

Nanga kuno? Chiyambire 1999 njanji yathu inapatsidwa kwa kampani yoyendetsa sitima ya Central East African Railways (CEAR), ndipo katundu wochuluka ndi malasha ochokera ku Moatize m'dziko la Mozambique, odutsa pa Nkaya, Liwonde ndi Nayuchi kupita kudoko la Nacala. Kasitomala akakhala mmodzi, mtengo amatchula ndi iye. Akakana, bogi yanu mupita nayo kuti? Ine lole ija ndinaikoka ndi thirakitala mpaka pakhomo. Bogi siichoka panjanji. Ndikunenetsa, musagule.

Ndisanaiwale, musamale ndi aja otsatsa mabogi akale pa intaneti. Njanji yathu m'lifupi mwake ndi mamilimita 1,067, ya ku Britain ndi 1,435. Mutha kulipira chinthu choti sichingakwere n'komwe panjanji ya pa Sharpevale.

Zoti muchite

Ngati muli ndi katundu wanu, kafunseni kaye ku CEAR mtengo womunyamulira bogi yodzaza, muyerekeze ndi wa lole. Ngati gulu likakamirabe zogula, mgwirizano ulembedwe ndi loya, utchule wokonza ikawonongeka, wolipira inshuwalansi, komanso ngati lendi izibwerabe masiku omwe bogiyo yangoima pasiteshoni.