P0113 pa Axio: musagule kaye sensa

Achimwene, mwati Axio yanu ya injini ya 1NZ yayatsa kagetsi ka check engine, makina opimira galimoto aonetsa code ya P0113, mafuta ikumwa kwambiri, ndipo makaniko akuti mugule sensa yatsopano. Ndalamazo sungani kaye.

P0113 ikungonena kuti kompyuta ya galimoto sikulandira uthenga kuchokera ku IAT, sensa yoyeza kutentha kwa mpweya wolowa mu injini. Sikunena kuti sensayo yafa. Mkati mwake muli kachipangizo kakang'ono kamene resistance yake, kutanthauza mphamvu yotchinga magetsi, imatsika mpweya ukamatentha. Kompyuta imatumizako 5V n'kumaona kuti yatsika bwanji. Waya ukaduka, kapena pini ikasiya kugwira, magetsi aja amangokhala pamwamba ndipo makina amaonetsa -40°C. Ku Blantyre kuno ngakhale chiperoni chitavuta bwanji mu Julaye, kuzizira kotero kulibe. Mukaona -40, yambani kukayikira waya. P0112 ndiye ya shoti, imaonetsa kutentha kwa 140°C kapena kupitirira.

Pa 1NZ, IAT siili payokha. Ili mkati mwa MAF, sensa yoyeza kuchuluka kwa mpweya wolowa mu injini, ija yomangidwa ndi tisikuluwu tiwiri pafupi ndi bokosi la fyuluta ya mpweya, ya pulagi ya mawaya asanu. Pulagi yonse ikanakhala kuti yazuka, bwenzi pakubweranso code ya MAF monga P0102. Poti yabwera P0113 yokha, ine ndikuloza waya umodzi kapena pini imodzi. Kodi posachedwapa mwasinthitsa fyuluta, kapena mwatsukitsa injini ndi madzi amphamvu aja? Zulani pulagiyo muyang'ane ndi tochi: pini yopindika, yolowa mkati, kapena zobiriwira za dzimbiri. Tsatirani mawayawo ndi zala, chifukwa makoswe amakonda kugona pa injini yofunda ndipo amatafuna pomwepo.

Kuyeza kumene ndimakukhulupirira ndi kwa m'mawa. Galimoto igone usiku wonse, musailize, ingotembenuzani kiyi pa ON. Lumikizani ndi foni ka ELM327, kachipangizo kolowetsa pa galimoto kowerengera kompyuta yake, muwerenge IAT ndi kutentha kwa madzi a injini. Ziwirizi zizifanana, kusiyana madigiri ochepa chabe, ndipo zigwirizane ndi mmene kunja kwachera. Muli chiyang'anire pafoniyo, wina azigwedeza pulagi ndi mawaya pang'onopang'ono. Nambala ikamadumpha kuchoka pa 20 kupita pa -40 n'kubwerera, mwaligwira vuto, ndipo sensa ilibe mlandu. Koma musayeze mutangochoka pamdipiti wa magalimoto pa Chipembere Highway masana a mu Okutobala. Pamenepo kuona 50°C kapena kupitirira si chachilendo, pansi pa boneti pamakhala patatentha.

Ngati muli ndi multimeter, zulani pulagi kiyi ali pa ON. Waya wa THA, umene ndi wa IAT, uzionetsa pafupifupi 5V, ndipo E2 ndi wa ethi. Mapini amenewa muwapeze pa chithunzi cha mawaya a galimoto yanu, musamangogwiritsa paliponse, mungawononge kompyuta. Kenako zimitsani, muyeze sensayo pakati pa THA ndi E2. Pa 20°C izikhala pakati pa 2,000 ndi 3,000 ohms. Iuzireni mpweya wofunda ndi draya ya tsitsi, motalikirako, nambala izitsika bwinobwino osadumpha. Ikangoti zii osaonetsa kanthu, apo ndiye sensa yafadi, ndipo mugula MAF yonse. Tengani nambala yolembedwa pa yakaleyo, chifukwa zambiri zimaoneka zofanana koma sizigwira ntchito mofanana. Mukagula yogwiritsidwa kale ntchito ku Ndirande kapena ku Limbe, iyezeni ndi multimeter musanalipire.

Za mafutazo ndikuuzeni zoona: IAT payokha nthawi zambiri simwetsa mafuta ochuluka choncho. Ndi fumbi la m'misewu yathu ino, kawirikawiri timawaya ta MAF timakhala titada. Ipopereni mankhwala ake enieni otsukira MAF, osati a kabureta kapena petulo, musaikhudze ndi nsalu, ndipo iume isanabwezedwe. Onaninso fyuluta, ma spark plug ndi sensa ya oxygen.

Mukakonza, fufutani code muyendeyende kaye muone ngati ibwerera. Mawa m'mawa jambulani manambala awiri aja muike pano, tiyang'ane limodzi.