Za nsapato za azakhali zija

Eee, msuwani, ndamva. Dikira ndichepetse wailesi kaye... eya. Wafunsa ngati ugule nsapato zoyendera zomwe azakhali akufuna, popeza angomaliza kumene mankhwala a khansa ya bere. Nsapato! Iwe amene unagula mbuzi zitatu osafunsa munthu, lero nsapato ukufunsa gulu lonse? Ayi, ndakudziwa kuyambira tili kwa agogo. Iwe ukufuna wina anene kuti mayi ako asamatuluke, azingokhala pakhonde. Uli ndi mantha, basi.

Ukukumbukira amalume a ku Mponela? Chaka chija anagwa panjinga pobwera kumsika... ayi, sanali kumsika, ankachokera kumaliro. Anangosupuka bondo ndi chigongono. Koma akazi awo anatenga njinga ija nkukaibisa kwa aneba, kuseri kwa nkhokwe, ati asadzagwenso. Munthu amene ankapalasa mpaka ku Madisi osapuma! Ndiye anayamba kukhala pansi pa mtengo wa mango uja, bawo kuyambira m'mawa, nsima imawapeza pomwepo. Ana akumawatengera chilichonse, ngakhale madzi akumwa. Tonse tinkati akusamalidwa bwino, ine ndemwe ndinkatero. Zaka ziwiri zokha, mimba uko, BP yakwera, kupita kutchalitchi kokha amafika akupuma mwawefuwefu. Tsiku lomwe anaipeza njinga ija, mwana wa aneba ataulula chifukwa cha switi, anaigwira nkuyesa kukwera, mwendo osakwezeka. Anaikankha pamanja mpaka kunyumba osalankhula ndi munthu. Ine ndinalipo, sindiiwala nkhope yawo.

Nanga ndimati chiyani... eya, azakhali. Ukukumbukira mankhwala ofiira aja a mu dripi, amene ankawachititsa mkodzo kufiira? Dzina lake ndi doxorubicin. Amapha khansa, inde, koma amathanso kufooketsa minofu ya mtima, nthawi zina vuto limadzaonekera patapita zaka. Nchifukwa chake madokotala amaunika mtima. Ndiye chomwe tikusamala tsopano si bala lokha, ndi mtima. Ndipo mtima sulimba munthu atakhala pamkeka. Asiye ayende, msuwani.

A WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, amati munthu wamkulu aziyenda mwachangu mphindi zosachepera 150 pa sabata, tinene 30 pa tsiku, masiku 5. Koma asayambire pamenepo, ayi. Ayambe ndi mphindi 10, kufika pachigayo nkubwerera, kenako aziwonjezera. Liwiro lake ndi losavuta kudziwa: azitha kucheza nawe, koma nyimbo ya kwaya yawo ija ikhale ikuwavuta kuimba. Ndipo kutopa kuja amadandaula, kumachepa munthu akamayenda pang'onopang'ono, ngakhale zikumveka ngati zotembenuka.

Mkono wa mbali yomwe anachitidwa opaleshoni, usautenge ngati dzira. Azinyamula tinthu topepuka nkumawonjezera, koma osati mawa lomwe ndowa ya malita 20 pamutu, ukuwadziwa mayi ako. Ukayamba kutupa kapena kulemera, apite akauonetse.

Chomwe ndikufuna uziyang'anira ndi ichi: akamabanika pa kamtunda kochepa, mapazi akatupa, pachifuwa pakamapweteka, mtima ukamagunda modumphadumpha, asayende tsiku limenelo, thamangani kuchipatala. Komanso popeza akumwa tamoxifen, mapiritsi othandiza kuti khansa isabwerere, mwendo umodzi ukatupa nkumapweteka, osadikira, mwina magazi aundana. Ulendo wotsatira wa kuchipatala upite nawo, ufunse adokotala wekha kuti mtima anaupeza bwanji, usangokhala panja ndi foni ngati ulendo uja.

Ndiye osawabisira njinga, wamva? Ndikutanthauza nsapato... wandimva. Mayi ako ayende, ndipo iwe uziyenda nawo, nawenso masitepe a kuntchito kwako aja amakuvuta, usaganize kuti sitikudziwa. Gula nambala 6, osati 5, phazi lawo ndi lotambalala ngati la agogo. Ndalama ikachepa undiuze madzulo, ndikutumizira pa Airtel Money.