Kwa mayi amene mwafunsa za buku la mwana wanu

Mayi, mwafunsa ngati mumulande mwana wanu wa Fomu 2 buku la The Hunger Games poti wakuuzani kuti mmenemo ana amaphana. Ine ndimaphunzitsa kusekondale kuno ku Nkhotakota, ndipo ndikukupemphani kuti musamulande.

Nkhani zoterezi amazitcha dystopia. Wolemba amapeka dziko, kawirikawiri la m'tsogolo, limene olamulira apondereza anthu mpaka munthu kuopa kuyankhula m'nyumba mwake momwe, chonsecho akuuzidwa kuti ali pabwino. M'buku la Suzanne Collins limeneli, lomwe linatuluka mu 2008, chaka chilichonse boma limatenga mnyamata ndi mtsikana kuchokera m'chigawo chilichonse mwa zigawo 12 kuti akamenyane mpaka kufa, dziko lonse likuonera pa kanema. Cholinga chake n'choti makolo azikhala mwamantha, asayerekeze kuukira. Mtsikana mwininkhani amadzipereka kupita m'malo mwa mng'ono wake. Bukuli siliyamikira kuphanako ayi. Mwana akamawerenga, mtima umamupsera anthu a kulikulu aja amene akuonerera atakhuta.

Kwa ife Amalawi izi si zachilendo n'komwe. Agogo ake amufotokozere za nthawi ija munthu sankalowa mumsika wopanda khadi ya chipani, anyamata a Youth League ataima pachipata, ngakhale wangobwera kudzagula usipa wa ndiwo. Mu 1987 mlakatuli Jack Mapanje anamangidwa, n'kukhala kundende ya Mikuyu mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Ana athuwa anabadwa referendamu ya 1993 itadutsa kalekale, ndiye zimenezi amangoziloweza kuti akhoze mayeso. Koma mtsikana wina m'kalasi mwanga atamaliza bukuli anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, nanga makolowo ankangoyang'ana bwanji ana awo akutengedwa?" Tsiku limenelo tinakambirana za mantha mpaka belu linalira, palibe anadzuka.

Chilipo chimodzi choti musamale. M'bukuli muli imfa zina zomvetsa chisoni kwambiri, moti mwana wa kupulayimale sindingamupatse. Ngati wanuyo sachedwa kulota zoopsa, ayambe ndi The Giver la Lois Lowry, la 1993, lomwe mulibe magazi ambiri. Akakulako adzafunefune Azotus the Kingdom la Shadreck Chikoti, wakwathu kuno ku Malawi, lokamba za Africa zaka 500 zikubwerazo.

Madzulo ano mukamapala nsomba, mumuuze akufotokozereni pamene wafika, ndipo mumufunse kuti m'dziko limenelo akulima ndani, akudya ndani.