Utomoni wa njuchi ndi chiwindi: mayankho kwa alimi a kuno ku Joni

Bambo wina wolima sipinachi ndi kabichi ku Eikenhof, kummwera kwa Johannesburg, amapopera mankhwala sabata iliyonse. Anzawo awauza kuti akamamwa utomoni wa njuchi, umene m'mashopu amaulemba kuti propolis, chiwindi chawo sichidzawonongeka. Akufunsa ngati n'zoona.

Bambo, nkhaniyi ili ndi pochokera. Utomoniwu njuchi zimautola pamitengo n'kumatira ming'alu ya mng'oma, ndipo muli tinthu tina, monga CAPE, timene timachepetsa kutupa ndi kuwonongeka kwa maselo a chiwindi. Vuto n'lakuti kafukufuku wambiri wosonyeza zimenezi adachitika pa makoswe omwetsedwa poizoni woyeza bwino. Munthu wobereka sipuleya yodontha, malaya ali nyowee kuyambira m'mawa, ndi nkhani ina. Poizoni amalowera kwambiri pakhungu, makamaka posakaniza, mankhwala akadali aukali. Ndalama ya utomoniyo yambani mwagulira magolovesi a mphira ofika m'chigongono, osati ansalu, chifukwa nsalu imamwa mankhwala n'kuwasunga pakhungu. Miyendo ya ovolosi izikhala kunja kwa jombo. Mukamaliza sambani ndi sopo musanadye, ndipo zovalazo zichapidwe pazokha. Botolo la mankhwala opopera lovomerezeka kuno limakhala ndi nambala yoyamba ndi L; zogula m'timapepala pamsewu zisiyeni.

Amene muli ndi ming'oma ndipo mukuufunabe utomoniwu, yalani sefa ya pulasitiki pansi pa chivundikiro. Njuchi zikamata mabowo, ikani sefayo mufiriji usiku umodzi, m'mawa muipinde, utomoni udzagwa wokha. Ena amatuluka nawo zidzolo, choncho yesani kaye pang'ono. Popererani madzulo njuchi zitalowa, kuti mankhwala asathere mumng'oma momwemo.

Nanga kumwa mkaka ukatha kupopera? Mkaka suchotsa poizoni. Munthu akayamba kutuluka dovu, thukuta, kusanza kapena kuona zinthu mwachimbuuzi, thamangirani naye kuchipatala mutatenga botolo la mankhwalawo, kapena imbani 0861 555 777, nambala yothandiza pa za poizoni. Musamusanzitse.

Mayi wina wa ku Diepsloot akufunsa ngati chammwamba ndi uchi zingatsuke chiwindi cha ana amene adya nsinjiro zowawa zobwera pabasi kuchokera kumudzi.

Mayi, apa ndiye pofunika kutchera khutu. Kuwawako nthawi zambiri ndi chuku, ndipo chuku cha mtedza ndi chimanga chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amadya chiwindi mwakachetechete mpaka kuyambitsa khansa. Kukazinga kapena kuphika sikumupha. Chammwamba ndi ndiwo yabwino, koma sichingabweze zimene zalowa kale; ndipo uchi musapatse mwana wosakwana chaka. Nsinjirozo tayani, ndipo musapatse nkhuku. Uzani akumudzi azitumiza mtedza wosasinja kuti muzisankha nokha, kuchotsa wofwifwa, woboola ndi wosintha mtundu. Asamawaze madzi pa makoko kuti asavute kuswa, chifukwa chuku chimayambira pomwepo. Chimanga chosunga chiume mpaka chinyezi chitsike kufika pa 13 peresenti. Poyesa, thirani chimanga chodzaza dzanja m'botolo louma pamodzi ndi mchere wouma, khutchumulani, dikirani kanthawi. Mchere ukamamatira m'mbali mwa botolo, chibwezereni padzuwa. Matumba akhale pa mapaleti, asagunde khoma, makamaka miyezi ya mvula ya October mpaka March.

Funso lomaliza n'lakuti kodi zitsamba zogula pamsika zingateteze chiwindi. Chomera cha minga chotchedwa milk thistle chili ndi kanthu kotchedwa silymarin, ndipo m'mayiko ena madokotala amagwiritsa ntchito mankhwala ochokera mmenemo pothandiza odya bowa wakupha, koma imeneyo ndi jakisoni wa kuchipatala, osati tiyi. Zitsamba zina ndiye zimawononga chiwindi chomwecho. Muzu umene Azulu amautcha impila wapha anthu kuno ku South Africa. Ngakhale makapisozi a chikasu chothira m'ndiwo chija, akamwedwa ochuluka, adwalitsapo anthu chiwindi. Panado naye, wamkulu asapyole magalamu 4 patsiku, ndiye kuti mapilitsi 8 a 500 mg, ndipo asamutsirepo mowa. Maso akayamba chikasu, mkodzo n'kuda ngati tiyi wopanda mkaka, pitani kukiliniki tsiku lomwelo mukapemphe kuyezedwa magazi a chiwindi, ndipo muwauze zonse zimene mwakhala mukumwa ndi kupopera.