Kodi ana anga akaipeza nyanja imene ine ndinaisiya?

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina wa ku Mufakose. Anabadwira ku Senga Bay, ku Salima, ndipo anabwera kuno ku Harare ali ndi zaka 12, kutsatira bambo awo amene ankagwira ntchito kuno. Tsopano ali ndi ana atatu obadwira konkuno. Chishona ndiye chili pakamwa, Chichewa amangomva. Akufuna kupita nawo kumudzi patchuthi cha mu Ogasiti, koma mtima ukuwagunda. Funso lawo ndi lakuti: "Kodi gombe limene ndinkasewerapo ndikalipeza? Nanga ana akangoyang'ana madziwo n'kubwerera pa foni, ine ndikatani? Komanso abale sakandiona ngati mtchona wonyada ndikati tikagone ku loji ya kunyanja?"

Achemwali, zikomo pondikhulupirira. Ine kwathu ndi ku Nkhotakota, ndipo ulendo ngati wanuwu ndinauyenda mu 2024 ndi mayi a kunyumba ndi ana athu awiri. Ndikuuzani mosabisa: gombe lanu lija simukalipeza mmene munalisiyira. Chaka chimenecho nyanja ya Malawi inadzaza kwambiri moti ku Mangochi, ku Salima ndi kwathu komwe madzi analowa m'nyumba ndi m'maloji. Ine ndinkafuna kuonetsa ana mtengo umene mayi anga ankatsukira mbale pansi pake, ife tikukumba timaenje mumchenga. Ndinaupeza utaima m'madzi ofika m'chiuno, masamba onse atayoyoka. Ndinaima pamenepo osalankhula. Mwana wanga wamkazi anandigwira dzanja n'kufunsa ngati tasochera. Ndinamuyankha kuti ayi, tafika.

Ngakhale nyanja ikanapanda kudzaza, zambiri zasintha. Malo amene kale tinkangodutsa popita kukasamba pano ena ali ndi mipanda ndi alonda pageti. Chambo chimene tinkadya osachiwerengera chasanduka ndiwo ya anthu andalama, pathandala pachuluka usipa ndi utaka. Izi muzidziwiretu kuti zisakakupwetekeni pamaso pa ana.

Koma pitani. Chimene chinapulumutsa ulendo wathu ndi malume anga, amene akalamba ndithu koma moyo wawo wonse akhala akupalasa bwato. Tsiku loyamba ine ndimangolongolola: apa panali chakuti, apo tinkachita chakuti, ana akuyasamula. Usiku malume anandiitanira pambali. Anati ndisiye kuwauza ana za nyanja ya dzana, ndiwadzutse m'mamawa akaone ya lero. Tinadzuka kusanache. Kutali pamadzi nyali za asodzi a chilimira, ukonde wogwirira usipa usiku, zinali zikuzima imodziimodzi, mabwato akubwerera. Atafika padoko panali phokoso la amayi a mabeseni akutsutsana mitengo, anyamata akukokera mabwato kumtunda, usipa ukunyezimira ngati ndalama zasiliva. Malume anam'patsa mnyamata wanga nkhafi, namusonyeza pogwira, n'kumukweza m'bwato pamadzi osaya. Bwato linapendekeka, iye anakuwa, gombe lonse linaseka, iyenso n'kuseka. Mwana amene madzi aakulu ankangodziwa a ku damu la Chivero, pafupi ndi Harare, anandifunsa kuti tsidya linalo lili kuti. Foni sanaikumbuke mpaka masana.

Ndiye langizo langa lalikulu ndi limeneli: musakakhale inu wotsogolera. Funani munthu wamkulu amene sanachoke, azakhali kapena malume, akayende patsogolo ndi ana, inu mukatsatire pambuyo. Iye akawauza za mwera ndi mpoto, za nkhungu zimene zimatuluka pamadzi ngati utsi anthu n'kuzigwira kuti zikhale ndiwo, za malo amene saloleza kusambapo chifukwa cha ng'ona kapena mvuu. Akamalankhula naye, Chichewa chija chimene amangomva chimayamba kutuluka chokha, chothyokathyoka koma chikutuluka. Wina akawaseka, muwateteze.

Za loji, nkhawa yanu ndi yoona. Mukatsika basi n'kulunjika kunyanja musanaone anthu, nkhani imeneyo idzakambidwa zaka zambiri. Yambani mwafika pakhomo. Kaperekeni moni, kapepeseni maliro onse amene anachitika inu kulibe, tulutsani kashuga, sopo ndi chitenje cha agogo. Ngati mukufuna kukaona manda a makolo, uzani akuluakulu a pabanja kuti akapemphe kwa amfumu, paja kumanda salowa chilowelowe. Gonani masiku awiri kapena atatu pamudzi, ana adye nsima ya pa mkeka ndi asuweni awo. Zikatero mukhoza kukagona ku loji usiku umodzi popanda wodandaula, makamaka mukatengako ana awiri a pamudzipo. Ambiri mwa ana amenewo anabadwira pafupi ndi nyanja koma sanalowepo mkati mwa mipanda ija.

Za panjira mwachidule. Mukachoka ku Harare mudutsa pa Nyamapanda kulowa m'Mozambique, muwoloka Zambezi pa Tete, kenako mulowa m'Malawi pa Mwanza ngati basi ikupita ku Blantyre, kapena pa Dedza ngati ikulunjika ku Lilongwe. Kwa inu a ku Salima njira ya Dedza ndiyo yachidule. Kuchokera ku Lilongwe kukafika ku Salima ndi makilomita pafupifupi 100, ndipo Senga Bay ili makilomita ngati 20 kuchokera pa boma. Mapasipoti a ana onse akhale okonzeka nthawi ikadalipo, ndipo tengani madzi ndi kamba wokwanira chifukwa pamabodala pamachedwetsa.

Mwasankha bwino Ogasiti. Mvula kulibe, misewu ndi youma, udzudzu ndi wochepa. Vuto lake ndi mwera, umene umatha kuutsa mafunde aakulu mwadzidzidzi, choncho asodzi akati lero sitilowa, musakakamire kukweza ana m'bwato. Mu Disembala kumatentha, mango amakhala mbwee, koma ndi nyengo imene boma limaletsa makoka kuti chambo chiswane.

Pali zinthu ziwiri zimene sindikufuna muzitenge mopepuka. Choyamba ndi malungo. Kuno ku Harare malungo si ambiri, ndiye ana anu matupi awo sanawazolowere, ngakhale inuyo chitetezo chija munali nacho muli mwana chinatha kalekale. Kaonaneni ndi dokotala musananyamuke za mankhwala oteteza, tengani maneti, ndipo wina akatentha thupi mutabwerera, nenani kuchipatala kuti munali kunyanja. Chachiwiri ndi likodzo, limene limafala kudzera mu nkhono za m'madzi odekha, makamaka muli bango ndi udzu pafupi ndi midzi. Sindikunena kuti ana asasambe, mungawalande chinthu chenicheni chimene mwawapititsira. Asambe pamchenga poyera pamene mafunde akumenya, ndipo pakatha miyezi iwiri kapena itatu mukawayezetse. Mankhwala ake alipo, dzina lake praziquantel.

Tsiku lonyamuka ndinabwereranso ndekha kumtengo uja. Ndinapinda buluku, ndinalowa m'madzi mpaka ndinaugwira. Nditatembenuka ndinaona malume atakhala pa bwato lovundikira akusoka ukonde, mwana wanga wamkazi atawagwirira chingwe, akuwafunsa dzina la nsomba iliyonse imene inali mu beseni. Dzina la kampango anabwera nalo mpaka ku Harare, ndipo mpaka lero tikagula nsomba ku Mbare amafunsa ngati ilipo.